Henry Tayali, Mmisiri wa Zojambula

Munthu akachoka pa Jenda, m'boma la Mzimba, nalowera chakumadzulo, sayenda mtunda wautali asanaponde dziko la Zambia. Msewu wochokera pamenepo umafika ku Lundazi, ndipo kuchoka ku Lundazi umatsikira kumwera mpaka ku Chipata. Ku Chipata wapaulendo amakwera basi yotsata msewu waukulu wa Great East Road, umene umaoloka mtsinje wa Luangwa ndi kukafika mumzinda wa Lusaka. Polowa mumzindamo, msewuwu umadutsa malo awiri amene amakumbutsa anthu za mwamuna mmodzi. Malo oyamba ndi Yunivesite ya Zambia, pamene padaimikidwa chifanizo chachikulu chimene iye adapanga. Malo achiwiri ndi bwalo la zionetsero za ulimi ndi malonda, m'mene muli nyumba yoonetseramo zaluso yotchedwa dzina lake. Mwamunayo ndiye Henry Nkole Tayali, mmodzi wa amisiri a zojambula otchuka kwambiri amene adabadwira m'chigawo chino cha Africa.

Ubwana wake

Henry Tayali adabadwa pa 22 Novembala, 1943, ku Serenje, m'dziko limene nthawi imeneyo linkatchedwa Northern Rhodesia. Dera la Serenje lili pafupi ndi kwa Chitambo, kumene David Livingstone adamwalirira m'chaka cha 1873. Henry akali wamng'ono, banja lawo lidasamukira ku Bulawayo, m'dziko la Southern Rhodesia, limene tsopano ndi Zimbabwe. Kumeneko ndiko kumene bambo ake ankagwira ntchito.

Masiku amenewo Bulawayo udali mzinda wa njanji ndi mafakitale. Anthu ambiri ochokera ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland ankapita kumeneko kukafuna ntchito, makamaka m'zaka za Chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Amuna ambiri a m'boma la Mzimba nawonso adayenda ulendo umenewu, ndipo ena a iwo adakhalitsa kumeneko mpaka kusanduka machona. Anthu akuda sankaloledwa kukhala m'madera a Azungu. Iwo ankakhala mothithikana m'makomboni a kunja kwa mzinda, nalawirira m'mamawa kupita ku ntchito, ena pansi, ena pa njinga. Mnyamata Henry adakulira pakati pa anthu otere. Tsiku ndi tsiku ankaona makamu a anthu pamsika, pa siteshoni ndi m'misewu, ndipo zimene adaona ali mwana sadaziiwale moyo wake wonse.

Chionetsero chake choyamba

Henry adayamba kujambula akali pa sukulu. Luso lake lidaonekera msanga kwa Alex Lambeth, Mzungu amene ankagwira ntchito mu khonsolo ya mzinda wa Bulawayo. Lambeth ankasonkhanitsa achinyamata a m'makomboni ndi kuwaphunzitsa kujambula ndi kuumba. Ntchito yakeyo ndiyo idabala malo ophunzitsirapo zaluso a Mzilikazi, otchedwa dzina la mfumu ya Amandebele imene idachokera kumwera m'nthawi ya nkhondo za Shaka, monga momwe Angoni a Zwangendaba adachokeranso komweko. Lambeth adalimbikitsa Henry kuti asaleke kujambula, ndipo adamthandiza kuti zithunzi zake zionedwe ndi anthu.

Motero ali ndi zaka 15 zokha, Henry adachititsa chionetsero chake choyamba mumzinda wa Bulawayo. Chionetsero cha zojambula chimasiyana ndi msika wamba. Mmisiri amasankha zithunzi zake zabwino koposa, naziika m'mafelemu, nazipachika pa makoma a chipinda chowala bwino. Pambali pa chithunzi chilichonse pamakhala kapepala kofotokoza dzina la chithunzicho, chaka chimene chidajambulidwa, zipangizo zimene mmisiri adagwiritsa ntchito, ndiponso mtengo wake ngati chili chogulitsa. Anthu amalowa, nayenda pang'onopang'ono kuchoka pa chithunzi china kupita pa chinzake. Ena amayamikira, ena amadzudzula, ndipo ena amagula. Chithunzi chogulidwa chimakhalabe pakhoma mpaka tsiku lotseka chionetsero, kuti anthu onse achione. Kwa mmisiri, tsiku lotsegula chionetsero lili ngati tsiku la mayeso, pakuti ntchito imene adaigwira payekha kwa miyezi yambiri imaweruzidwa ndi maso a anthu osamdziwa.

Pa nthawi imeneyo chidali chinthu chachilendo kuti mwana wa munthu wakuda aonetse zojambula zake motere. Makolo ambiri ankaona kujambula ngati masewera a ana, ndipo ankafuna kuti ana awo akhale aphunzitsi, akalaliki kapena azachipatala. Koma Henry adatsimikiza mtima kuti kujambula ndiyo idzakhala ntchito yake.

Chithunzi chimene chidapita kunja

Poyamba Henry ankajambula ndi utoto wosungunula ndi madzi, umene umauma msanga pa pepala. Pambuyo pake adaphunzira kugwiritsa ntchito utoto wa mafuta pa chinsalu chokungidwa pa matabwa. Utoto wa mafuta umachedwa kuuma, choncho mmisiri amatha kukonza ndi kuonjezera pa chithunzi chimodzi kwa nthawi yaitali.

Akali mnyamata ku Bulawayo, m'zaka zoyambirira za m'ma 1960, adajambula chithunzi chimene chidatchuka koposa zonse. Adachitcha Destiny, mawu a Chingerezi otanthauza kumene moyo wa munthu ukulowera. M'chithunzichi muli khamu lalikulu la anthu mumzinda wamakono. Aliyense ali kalikiliki ndi ntchito, ena atasenza katundu, ena akumanga, onse atapanikizana pakati pa nyumba zazitali. Munthu akachiyang'ana amaona kuvutika kwa anthu amene thukuta lawo lidamanga mizinda ya atsamunda.

M'chaka cha 1966 chithunzichi chidagulidwa ndi mwana wa Sir Humphrey Gibbs, amene adali Bwanamkubwa wa Southern Rhodesia. Pambuyo pake chidatengedwa kupita ku England. Umu ndi mmene zinthu zambiri zaluso za mu Africa zidachokera kwawo. Anthu amene adali ndi ndalama zogulira adali alendo, ndipo pobwerera kwawo ankanyamula zimene adagula. Mmisiri ankalandira ndalama zake ndithu, koma ana a m'dziko lake ankakula osaona ntchito ya manja ake.

Maphunziro ku Uganda ndi ku Germany

Dziko la Zambia lidalandira ufulu wodzilamulira pa 24 Okutobala, 1964, patangopita miyezi yochepa dziko la Malawi litalandira ufulu wake. Koma ku Southern Rhodesia zinthu zidaipiraipira, pakuti m'chaka cha 1965 boma la Azungu lotsogozedwa ndi Ian Smith lidadzichotsa lokha pansi pa ulamuliro wa Britain, likukana kuti anthu akuda alamulire. Tayali adayang'ana kwawo ku Zambia.

M'chaka cha 1967 boma la Zambia lidamlipirira maphunziro ku Yunivesite ya Makerere, mumzinda wa Kampala, ku Uganda. Sukulu ya zaluso ya pa Makerere idayambitsidwa ndi mayi wina wa ku England, Margaret Trowell, m'chaka cha 1937, ndipo idali yotchuka kwambiri kum'mawa kwa Africa konse. Kumeneko Tayali adaphunzira kujambula thupi la munthu molondola, kusakaniza mitundu ya utoto, kuumba ndi kusema. Adaphunziranso mbiri ya zaluso za mitundu yosiyanasiyana ya anthu. Adalandira digiri yake m'chaka cha 1971, chaka chomwe Idi Amin adalanda boma la Uganda. Atabwerera ku Lusaka adayamba ntchito pa Yunivesite ya Zambia, m'nthambi yofufuza za chikhalidwe cha anthu a mu Africa.

Sadakhalitse. M'chaka cha 1972 adapeza mwayi wina wa maphunziro, napita ku sukulu yaikulu ya zaluso ya mumzinda wa Düsseldorf, ku West Germany. Kumeneko adakumana ndi zinthu zambiri zachilendo: chilankhulo chatsopano, chisanu choopsa, ndi amisiri amene ankakangana kwambiri za tanthauzo la luso. Adayendera nyumba zazikulu zosungiramo zithunzi, m'mene anthu amaona ntchito za amisiri amene adamwalira zaka mazana ambiri zapitazo. Adaona kuti ana a sukulu a kumeneko amapita ndi aphunzitsi awo kukaona zithunzi zimenezi, ndi kuti boma limasamala nyumbazo monga momwe limasamalira zipatala ndi sukulu. Adamaliza maphunziro ake apamwamba m'chaka cha 1975, nabwerera kwawo, kumene adapatsidwa udindo wa mmisiri wa pa yunivesite.

Kudinda zithunzi ndi thabwa

Dziko la Germany lidatchuka kuyambira kale ndi luso lodinda zithunzi ndi thabwa. Albrecht Dürer adachita zimenezi zaka zoposa 500 zapitazo, ndipo Käthe Kollwitz, amene adamwalira m'chaka cha 1945, adagwiritsa ntchito njira yomweyi poonetsa umphawi ndi chisoni cha anthu ogwira ntchito. Tayali adaikonda njira imeneyi, ndipo anthu ena odziwa zaluso amayerekeza ntchito yake ndi ya Kollwitz.

Kachitidwe kake ndi kotere. Mmisiri amatenga thabwa losalala, najambulapo chithunzi ndi pensulo. Kenaka amatenga timipeni ndi tizitsulo takuthwa, nagoba malo onse amene akufuna kuti adzaoneke oyera. Malo amene sadagobe amatsala otukuka. Akatha amapaka inki pamwamba pa thabwalo, ndipo inkiyo imangogwira malo otukukawo. Tsono amayala pepala pamwamba, nalitsindika ndi makina kapena kulikhutiza ndi chinthu chosalala monga msana wa supuni. Akamatula pepalalo, chithunzi chimakhala chitadindika. Chimene chidali kudzanja lamanja pa thabwa chimaoneka kudzanja lamanzere pa pepala, choncho mmisiri amayenera kuganiza mobwerera pamene akusema. Ayeneranso kusamala kwambiri, popeza mpeni ukagoba molakwika, thabwa silibwereranso mwakale.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti thabwa limodzi limatulutsa zithunzi zambiri zofanana. Mmisiri amalemba nambala pansi pa chithunzi chilichonse ndi kusainapo dzina lake. Chifukwa chakuti zithunzizo ndi zambiri, mtengo wake umatsika, ndipo ngakhale munthu wa malipiro ochepa angathe kugula chimodzi. Kwa mmisiri wofuna kuti ntchito yake ifike kwa anthu a kwawo, imeneyi idali njira yabwino.

Tayali sankakonda kujambula nyama zakutchire ndi kulowa kwa dzuwa, zimene alendo odzacheza amafuna kawirikawiri. Iye ankajambula anthu wamba: amayi pamsika, amuna m'mabwalo a mowa, anthu a kumudzi, ndi makamu a anthu osauka a mumzinda. Nkhope zawo sankazikongoletsa. Ankafuna kuti woona chithunzi adzifunse chifukwa chake anthu ameneWA akukhala motero. Pamene zaka zinkapita, zithunzi zake za utoto zidayamba kusintha. Maonekedwe a anthu adayamba kusungunuka m'mizere ndi m'mitundu yowala, kotero kuti munthu amayenera kuima kanthawi asanazindikire khamu la anthu m'kati mwake. Ntchito zake zidaonetsedwa ku Lusaka ndi m'mizinda ya kunja monga Düsseldorf, Aachen ndi London.

Buku ndi khasu

Tayali adalinso mmisiri wa zifanizo zazikulu zoimika pabwalo. Chimodzi mwa izo chidali cha ng'ombe yamphongo, chimene chidaikidwa m'mbali mwa msewu wopita ku bwalo la ndege la Lusaka. Koma chodziwika koposa ndi chija cha pa Yunivesite ya Zambia, chotchedwa The Graduate, kutanthauza munthu amene watsiriza maphunziro ake. Chifanizochi chimaonetsa wophunzira atavala mkanjo ndi chisoti cha tsiku lolandira digiri. M'dzanja lina wanyamula buku, ndipo m'dzanja linalo wagwira khasu.

Phunziro la chifanizochi ndi losavuta kumva. Buku likuimira nzeru za kusukulu, ndipo khasu likuimira ntchito ya kumunda imene imadyetsa dziko. Wophunzira amene walandira digiri sayenera kunyoza khasu limene lidamlipirira sukulu, ndiponso mlimi sayenera kunyoza buku. Mwana wa pa Jenda amene makolo ake amagulitsa tomato, anyezi ndi mbatata pamsika wa m'mbali mwa msewu kuti amgulire makope, angamve tanthauzo la chifanizochi popanda womufotokozera.

Kumenyera nyumba ya zaluso

Ngakhale kuti dzina lake lidamveka kutali, Tayali sadakhutire. Chidamuwawa ndi chakuti m'dziko lake mudalibe sukulu yaikulu yophunzitsa zaluso, ndiponso mudalibe nyumba ya dziko lonse yosungiramo ndi kuonetseramo zithunzi. Achinyamata aluso ankasowa kopita. Amisiri ankaonetsa ntchito zawo m'mahotela ndi m'zipinda zobwereka, ndipo chionetsero chikatha zithunzi zinkabalalika.

Kwa zaka zambiri iye adalimbikira kupempha akuluakulu kuti zinthu ziwirizi zikhazikitsidwe. Adatumikira m'mabungwe a zaluso ndi a nyumba zosungiramo zinthu zakale, nalimbikitsa amisiri anzake kuti azigwirizana. Koma nthawi idali yovuta. Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1970, mtengo wa mkuwa, umene chuma cha Zambia chimadalira, udatsika kwambiri, pamene mtengo wa mafuta a galimoto udakwera. Boma lidasowa ndalama, ndipo zaluso zidaikidwa kumapeto kwa mndandanda. Ngakhale utoto ndi mapepala abwino zidayamba kusowa m'masitolo.

Tayali sadaone zipatso za khama lake. M'chaka cha 1987 adapita ku Ulaya, ndipo pa 22 Julayi adamwalira mumzinda wa Aachen, ku West Germany, kumene adakachezera abwenzi ake. Adali ndi zaka 43 zokha. Thupi lake lidabwera nalo ku Zambia, ndipo lidaikidwa m'manda a Leopards Hill ku Lusaka.

Zimene zidachitika iye atamwalira

Mbewu imene adafesa idamera iye atapita. M'chaka cha 1989 amisiri a ku Zambia adakhazikitsa bungwe lawo la dziko lonse loona za zojambula ndi zosema. Likulu la bungweli lidaikidwa pa bwalo la zionetsero la ku Lusaka, ndipo adalitcha Henry Tayali Visual Arts Centre. Nyumbayi idatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 1995, ndipo amisiri ambiri achinyamata adaonetsa ntchito zawo koyamba m'menemo. M'chaka cha 1996 nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lusaka National Museum idatsegulidwa, ndipo idapatula malo oonetserapo zaluso zamakono. Imodzi mwa mphotho za Ngoma, zimene zidakhazikitsidwa polemekeza anthu aluso a ku Zambia, idapatsidwa dzina la Tayali.

Nacho chithunzi chija cha Destiny chidabwerera kwawo. Bungwe la Lechwe Trust, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1986 motsogozedwa ndi Cynthia Zukas, lidadzipatsa ntchito yogula zaluso za ku Zambia kuti zisachoke m'dzikomo, ndi kubweza zimene zidapita kunja. Bungweli lidagula chithunzicho ndi kuchibweretsa ku Lusaka. M'chaka cha 2018 lidatsegula nyumba yakeyake yoonetseramo zithunzi. Chomwecho ntchito imene mnyamata wa m'komboni ya ku Bulawayo adaijambula idafika pamaso pa ana a dziko lake.

Luso la ku Malawi

Nkhani ya Tayali ikukhudzanso Malawi, pakuti luso la zojambula si lachilendo m'dziko muno. M'mapanga a ku Chongoni, m'boma la Dedza, muli zithunzi zimene anthu akale adajambula pa miyala, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ku Mua, m'boma lomwelo, Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, kumene amisiri ambiri adaphunzira kusema ndi kujambula. Ku Mzimba nako, amayi oluka mikanda ndi oumba mbiya, pamodzi ndi amuna opanga zishango za ingoma ndi osema mitondo, ndi amisiri enieni. Wolemba zikwangwani za masitolo pa Jenda amagwira burashi ndi utoto monga momwe Tayali ankagwirira.

Chimene Tayali adaphunzitsa ndi chakuti luso limafuna zinthu zitatu: munthu wolimbikira kuliphunzira, malo oonetserapo ntchito yake, ndi anthu a kwawo obwera kudzaona. Chimodzi chikasowa, luso limafota kapena limapita kwa alendo. Mwana amene amajambula ndi khala pakhoma, kapena kuumba ng'ombe zadothi kudambo, sayenera kusekedwa. Henry Tayali nayenso adayamba ngati mwana wotere, ndipo adapeza munthu wamkulu amene adayang'ana zojambula zake mosamala.

Mafunso

1. Kodi Henry Tayali adabadwira kuti, ndipo adakulira mumzinda uti?
2. Fotokozani zimene zimachitika pa chionetsero cha zojambula.
3. Chifukwa chiyani chithunzi cha Destiny chidapita ku England, ndipo chidabwerako bwanji?
4. Longosolani mwatsatanetsatane njira yodindira chithunzi ndi thabwa.
5. Kodi buku ndi khasu zikuimira chiyani pa chifanizo cha pa Yunivesite ya Zambia?
6. Tchulani zinthu ziwiri zimene Tayali adamenyera koma sadazione ali moyo.

Ntchito

Tchulani amisiri a mitundu itatu amene amapezeka m'dera la kwanu, ndipo mulembe zipangizo zimene aliyense amagwiritsa ntchito. Kenaka jambulani chithunzi cha msika wa kwanu. Mothandizidwa ndi aphunzitsi, pachikani zithunzi zanu zonse pakhoma la kalasi, chilichonse ndi kapepala ka dzina lake, ndipo muitane ana a makalasi ena kuti adzaone.